Utoto wa katondo ndi zidindo za patapata: kaphunzitsidwe ka zojambula pa sekondale yopanda zipangizo

Phunziro la zojambula, la Educação Visual, limakakamira pamalo amodzi m'sukulu zambiri za ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde, m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Buku limanena za utoto wa m'sitolo, maburashi ndi mapepala okhuthala, pamene mwana wabwera ndi kope limodzi ndi cholembera cha buluu. Zikatero mphunzitsi amathawira pa bolodi. Amalemba tanthauzo la mzere, la mtundu, la módulo (kachigawo kamene kamabwerezedwa) ndi padrão (maonekedwe otuluka kachigawoko kakabwerezedwa), ana n'kukopera, n'kuloweza, n'kukhoza mayeso, chaka n'kutha zala zawo zisanade ndi utoto ngakhale kamodzi. Ntchito ili m'munsiyi ndi ya masabata asanu ndi limodzi, yoyenera makalasi a 7 mpaka 9, ndipo pothera pake mwana aliyense amakhala atapanga yekha makala ojambulira, utoto, chidindo, ndi pepala lodinda bwino ngati chitenje.

Tiyerekeze kuti muli ndi ana 60. Agaweni m'magulu 10 a ana asanu ndi mmodzi, gulu lililonse likhale ndi wosunga zipangizo amene muzimudziwa dzina. Pemphani amene amakonza ndandanda ya maphunziro kuti nthawi zanu ziwiri za mphindi 45 zikhale zotsatizana. Mphindi 45 zokha zimathera potulutsa ndowa ndi kutsuka. Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mvula itatha. M'dzinja dothi siliuma ndipo mapepala amachita chuku, pamene mu Okutobala, makamaka kumunsi monga ku Moatize ndi mu mzinda wa Tete, utoto umaumira pa chidindo mwana asanachifikitse pa pepala.

Sabata yoyamba: makala ndi maso

Makala a pa mbaula amakanda pepala. Otchani anu. Dulani timitengo tonenepa ngati pensulo, totalika masentimita 10, ta mabulosi kapena ta mapichesi, amene sasowa ku Ulongwe ndi ku Domwe. Tisendeni makungwa, tiume padzuwa masiku atatu kapena anayi. Tilongedzeni mothinana m'chitini chokhala ndi chivindikiro chake, monga cha mkaka wa ufa, ndipo boolani kabowo kamodzi pa chivindikirocho ndi msomali. Ikani chitinicho pakati pa moto kwa ola limodzi. Pakabowo padzatuluka utsi woyera, kenako kalawi, kenako zii. Apo phulani, koma musatsegule mpaka chitini chitazizira. Mukatsegula chili chamoto, mpweya umalowa ndipo timitengo timayaka n'kusanduka phulusa mukuona. Mukapeza kuti m'kati mwa kamtengo mukadali mofiirira, sitinapse, bwezerani pamoto. Zitini ziwiri zimakwanira kalasi yonse.

Ndi makalawo ana ajambule zinthu zimene zili ndi kalukidwe kapena kakongoletsedwe kobwerezabwereza. Bweretsani m'kalasi lichero, nsengwa, mkeka, mbiya yolembedwa m'khosi, mikanda ya Angoni, chitenje chakale, chitsononkho cha chimanga. Gulu lililonse likhale ndi chinthu chimodzi patsogolo pake. Lamulo likhale lakuti asajambule lichero lonse, koma apeze kachigawo kakang'ono kamene kakubwerezedwa, n'kukajambula kakakulu ngati chikhatho. Ambiri poyamba amajambula lichero la m'mutu mwawo, lozungulira, lokhala ndi timizere topingasa. Imani pambali pa mwana wotero mumufunse kuti: "Nsungwi iyi yadumpha zingati isanalowe pansi?" Akawerenga n'kupeza kuti yadumpha zitatu, ndiye kuti wayamba kuona. Funso limeneli limaphunzitsa tanthauzo la módulo kuposa ndime yonse ya pa bolodi. Ana a mu mzinda wa Tete angathenso kuyang'ana zingwe za mlatho wa Samora Machel kapena zitsulo za m'mawindo.

Pali ana amene adzafune kujambula zilombo za Gule Wamkulu, ndipo n'zomveka, pakuti guleyu ndi wathu ndipo UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, idamuzindikira mu 2005 ngati chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia pamodzi. Koma m'kalasi imodzimodziyo muli ana olowa, ana osalowa, ndi ana a mipingo yoletsa. Musauze ana kuti aseme kapena aumbe nkhope ya chilombo, ndipo musafunse mafunso a kudambwe pa gulu. Ngati mukufuna kutengapo mitundu kapena kavalidwe kooneka pabwalo, yambani mwakambirana ndi amfumu ndi makolo. Mlandu wotere ukabuka suthera pa sukulu.

Tsiku lomwelo gulu lililonse lipatsidwe ntchito yokatapa dothi zitini ziwiri za lita imodzi: ena katondo wofiira, ena dothi lachikasu la m'mbali mwa msewu kapena m'chigwembe, ena makande, ena dongo loyera. Afunse amayi amene amazira nyumba ndi kuumba mbiya, iwo ndiwo amadziwa mitapo. Achenjezeni kuti asalowe m'maenje ogoba kunsi, chifukwa amagumuka.

Sabata yachiwiri: kutsuka dothi

Apa ndi pamene ntchito imakomera kapena kuonongekera. Dothi losatsuka lili ndi mchenga, ndipo mchenga sumata pa pepala.

Phwanyani zibuma, chotsani mizu ndi timiyala. Thirani chitini chimodzi cha dothi mu ndowa, onjezani madzi zitini zisanu, vundulani ndi ndodo mpaka pansi pasatsale chibuma. Lekani kuvundula, muwerenge pang'onopang'ono mpaka 40. Mchenga, poti ndi wolemera, ukhala utatsikira pansi, pamene utoto weniweni ukadali kuyandama m'madzi. Tsanulirani madzi amatopewo mu ndowa yachiwiri kudzera pa nsalu yosefera, osagwedeza zapansi. Zotsalazo tayani. Ndowa yachiwiriyo igone usiku wonse pamalo pamene sipafika mbuzi kapena ana a pulayimale. M'mawa pamwamba padzakhala madzi oyera, pansi phala losalala. Tsanulani madziwo mosamala, phalalo muliyale pa thumba kapena pa mbale yotakata kuti liume. Likauma perani pa mphero kapena pa simenti yosalala ndi botolo, musunge m'zigubu zolembedwa kumene dothilo lidachokera.

Zolakwika zake ndi ziwiri. Mukatsanula msanga, mchenga umawolokera limodzi, ndipo mudzaumva ukulira mukatikita phala pakati pa zala. Mukachedwa, mwina mphindi zisanu, utoto wambiri umatsikira pa mchenga n'kutayika nawo. Dongo lina silidikha usiku umodzi. Lipatseni masiku awiri.

Dothi lachikasu lili ndi chodabwitsa chimene ana sachiiwala. Tengani supuni zinayi za ufa wake, mukazinge m'chiwaya chakale pa makala oyaka bwino. Pakapita mphindi zingapo limasanduka lofiira. Chifukwa chake n'chakuti mtundu wachikasuwo umachokera ku chitsulo chimene chagwirana ndi madzi m'kati mwa dothi, ndipo moto ukachotsa madziwo chitsulocho chimafiira, monga momwe njerwa yosaotcha imasinthira ikalowa mu uvuni. Mphunzitsi wa Química, sayansi ya makemikolo, angakonde kukhalapo tsiku limeneli.

Wakuda umachokera ku mwaye wa pa mphika kapena ku makala operedwa. Mwaye umakana madzi, umangoyandama pamwamba. Dontho limodzi la sopo limathetsa vutolo. Woyera ndi dongo loyera kapena tizidutswa ta choko toperedwa. Laimu wopaka nyumba musagwiritse ntchito, amawotcha khungu ndipo akalowa m'maso ndi ngozi. Za zomera, monga chidede ndi chikasu, zimatulutsa mitundu yowala tsiku loyamba koma zimasuluka padzuwa. Ziyeseni kuti ana aone kusiyana kwake, osati kuti muzidalire. Buluu weniweni m'dothi lathu mulibe. Ngati sukulu ingathe kugula kanthu kamodzi, igule ufa wa buluu wosakaniza ndi simenti ya pansi ku sitolo ya zomangira. Theka la kilogalamu limakhala nthawi yaitali.

Mwana wina adzanena kuti uwu si utoto koma matope. Muuzeni za mapanga a Chongoni, kungowoloka malire a Calómuè kulowa ku Dedza, kumene zojambula zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa zikuonekabe pa miyala mpaka lero, ndipo malowo adalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006.

Sabata yachitatu: chomatira

Ufa wa dothi ukangosungunulidwa ndi madzi umayoyoka ukauma. Umafuna chomatira, ndipo njira zilipo zitatu. Yotchipa ndi phala la ufa wa chinangwa kapena wa tirigu: supuni yaikulu imodzi yodzaza pa kapu imodzi ya madzi, ya mamililita 250. Sungunulani ufawo m'madzi ozizira kaye, kenako ikani pamoto wochepa mukutakasa mpaka phala liwale. Mukathira ufa m'madzi otentha limachita mibulu. La chinangwa limananda ngati therere, ndipo podinda limakoka tiulusi chidindo chikamanyamuka. Likatero onjezani madzi pang'ono kapena sinthirani ku la tirigu. Phikani m'mawa wa tsiku lomwelo, chifukwa likagona masiku awiri kapena atatu limasasa. Njira yachiwiri ndi utomoni wa mtengo wa mthethe: muyezo umodzi wa utomoni, miyezo iwiri ya madzi ofunda, zigone usiku, m'mawa musefe. Yachitatu ndi guluu woyera wa akalipentala, wosungunula ndi madzi ofanana naye muyezo. Ameneyu ndiye wolimba kuposa onse.

Yambani ndi supuni ziwiri za ufa wa dothi pa supuni imodzi ya chomatira, kenako madzi pang'onopang'ono. Dothi lililonse lili ndi khalidwe lake, choncho gulu lililonse lipake timizere toyesera pa katoni, tiume, n'kutikita ndi chala. Chala chikada, chomatira chachepa. Mzere ukang'ambika kapena pepala likapindika kwambiri, chachuluka, kapena mwapaka mokhuthala. Alembe muyezo umene wagwira m'makope mwawo.

Maburashi ndi kamtengo kotafuna kunsonga ngati mswachi, khonje womanga pa kansungwi, kapena nthenga ya nkhuku pa mizere yopyapyala. Zivindikiro za mabotolo ndizo mbale za utoto. Mphindi zotsalazo mwana aliyense apake timabokosi tisanu totsatizana, kuyambira katondo yekha mpaka kufika pafupi ndi woyera, akuonjeza woyera pang'ono pa kabokosi kalikonse. Adzazindikira kuti utoto wa dothi umayererako ukauma, ndiponso kuti wachikasu ukasakanizidwa ndi wakuda pang'ono umatulutsa wobiriwira ngati tsamba lofota.

Sabata yachinayi: kukonza módulo

Mwana aliyense abwerere ku zojambula zake za makala, asankhe kachigawo kamodzi. Ajambule timabokosi tisanu ndi kamodzi ta masentimita 4 mbali zonse, ndipo m'kabokosi kalikonse ayese kachigawoko mwa njira yosiyana. Musalole kuti aime pa koyamba. Koyambako kawirikawiri kamakhala duwa la pakati lozunguliridwa ndi mpata, ndipo duwa lotero likadindidwa kambirimbiri limangooneka ngati madontho omwazikana. Auzeni kuti mzere umodzi kapena iwiri ifike m'mphepete mwa kabokosi, kuti ikakumane ndi inzake ya kabokosi koyandikana. Pamenepo mpamene pamabadwira maonekedwe atsopano amene sanali m'kabokosi kamodzi. Kota ya bwalo yojambulidwa pa ngodya ndi kampasi ndi chitsanzo chosavuta: zinayi zikakumana zimapanga bwalo lathunthu. Ngati muli ndi chithunzi cha ntchito ya Malangatana, wojambula wotchuka wa ku Mozambique amene adabadwira ku Matalana mu 1936 n'kumwalira mu 2011, aonetseni momwe ankadzazira nsalu yonse ndi nkhope zothinana, osasiya malo ongokhala.

Mbali yakuda ndi mbali yoyera zikhale pafupifupi zofanana kukula, ndipo pasakhale mzere wopyapyala kuposa mamilimita 3, chifukwa sungasemeke pa mphira wa patapata. Zilembo ndi manambala ziletseni pa ntchito yoyambayi. Pofuna kuona ngati módulo ikugwira, mwana aikope kanayi pa timapepala, n'kumatisuntha pa desiki: tonse toyang'ana kumodzi, kenako kutembenuza kalikonse kota, kenako kutsitsa mzere wachiwiri ndi theka la kabokosi monga amayalira njerwa. Asankhe kayalidwe kamodzi, akajambule pakona ya kope kuti asadzaiwale.

Sabata yachisanu: kusema

Mbatatesi ya ku Angónia imasemeka mosavuta ndipo ndi yabwino poyesera, koma imatuluka madzi, choncho muziipukuta musanaiviike, ndipo pofika mawa imakhala itafota. Chidindo chokhalitsa ndi cha patapata wakutha. Patapata mmodzi wa munthu wamkulu amatulutsa zidutswa zisanu ndi chimodzi kapena kuposerapo za masentimita 4, ndiye kuti 12 akukwanirani ndi zapadera zomwe. Atsukeni, muwadule nokha madzulo ake, ndipo mbali yosemapo ikhulidwe pa simenti mpaka isalale.

Mwana adetse módulo yake ndi pensulo yofewa, ya 2B ngati ilipo, avundikire pepalalo pa mphira, atikite kumbuyo ndi chikhadabo. Chithunzi chimatsalira pa mphirapo chotembenuka, ndipo n'zimene zikufunika, chifukwa podinda chimatembenukanso n'kubwerera mwakale. Amene angojambula pa mphira mwachindunji adzadabwa kuona kumanja kwapita kumanzere. Adutsemo ndi cholembera, ndipo malo ochotsa awaike timitanda, popeza ana ambiri amasema mbali yoyenera kutsala.

Kuya kwake kukhale mamilimita 3. Mpeni upendekeke kunja, kuti chotsalacho chikhale ngati mzere wa m'munda, kunsi kotakata, pamwamba pochepa. Mukagoba kunsi kwake, mzerewo umapindika podinda ndipo sukhalitsa. Kumbuyo kwa chidindo ajambule muvi woloza kumwamba ndi dzina lake.

Za malezala tisanyengererane. Mwana aliyense akhale ndi lake latsopano, mbali imodzi yokulungidwa ndi tepi kapena yolowetsedwa m'kansungwi kong'alula n'kumanga ndi ulusi. Kubwerekana ayi, chifukwa cha matenda oyenda m'magazi. Chidindo chikhale pa desiki, osati pa ntchafu kapena m'manja, ndipo mpeni uzipita kutali ndi zala. Werengani malezala potulutsa ndi potolera, ndipo pasatuluke munthu nambala isanakwane. Sopo, madzi ndi bandeji zikhale pa tebulo lanu. Kusema ndi waya wamoto kumafulumira, koma utsi wa mphira ndi woipa m'chifuwa, kusiyeni.

Sabata yachisanu ndi chimodzi: kudinda

Pepala la A4 ndi la mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali. Limalowa timabokosi 4 chopingasa ndi 6 chotsika, zonse 24, n'kutsala malire abwino. Ana alembe timabokosito ndi rula ndi pensulo mopepuka asanakhudze utoto. Wodinda ndi maso okha amayamba bwino, pofika mzere wachitatu zapendekeka, ndipo sizibwezeka. Ngati mapepala oyera palibe, katoni kapena pepala lofiirira la matumba ndi labwino, ndipo utoto woyera umaonekera bwino pamenepo kuposa pa A4.

Pansi pa pepala yalani nyuzipepala zingapo kapena chitenje chopinda. Pa desiki youma, yokumbikakumbika, chidindo sichigwira mofanana. Utoto ukhale wokhuthala ngati phala la mwana. Musaviike chidindo m'mbale. Pindani kansalu kanayi kapena dulani kasiponji ka matiresi akale, kaikeni pa mbale, kanyowetseni ndi utoto, ndipo chidindo chizigunda pamenepo kawiri kapena katatu. Adinde kaye kawiri pa pepala lotaya. Kenako ayambe pa ngodya yakumwamba kumanzere, kapena kumanja ngati ndi wamanzere, kuti dzanja lisamadutse ponyowa. Aike chidindo, akanikize ndi chikhatho akuwerenga mpaka 3, anyamule molunjika osagwedeza, abwerere ku kansalu ka utoto asanadindenso.

M'mphepete mukatuluka utoto wokhuthala pakati pali poyera, utoto wachuluka kapena wakanikiza mopitirira. Chithunzi chikatuluka chamathothomathotho, utoto wauma kapena pansi palibe chofewa. Timipata tikatsekeka, atsuke chidindo ndi mswachi wakale, achipukute, apitirize. Chikaoneka pawiri, dzanja linaterereka. Mtundu wachiwiri udikire woyamba uume, ndipo woyera kapena wowala uyambe, wakuda utsirize. Yanikani pa chingwe m'kalasi kapena pansi pamthunzi, mutatsika ndi timiyala. Padzuwa mapepala amapindika.

Ana akaona zimenezi amafuna kudinda malaya. Auzeni zoona: utoto wa dothi ndi phala umachoka pa kuchapa koyamba. Wa guluu umapirirako koma umaumitsa nsalu. Pa nsalu pamafunika utoto wa nsalu wa m'sitolo. Nsaluyo ikhale ya thonje, yochapa kaye kuti sitalichi ya ku fakitale ichoke, ndipo mukadinda iume tsiku lathunthu, muisite kumbuyo, isachapidwe mpaka patapita masiku atatu. Penti wa mafuta wopaka zitseko musayese. Ndalama zikachepa, dindani nsalu imodzi ya mamita awiri kalasi yonse, mwana aliyense mzere wake kapena kachigawo kake, ikhale yoyala pa tebulo la aphunzitsi.

Kupereka malikisi

Musapereke 18 kwa mwana chifukwa choti ali ndi dzanja, ndi 10 kwa ena onse. Lembani kagawidwe ka malikisi 20 pa bolodi sabata yoyamba. Kagawidwe kamene tikulangiza ndi aka: 4 pa zojambula za makala zoonetsa kuti anayang'anadi chinthucho, 5 pa mayesero asanu ndi limodzi a módulo ndi imene anasankha, 5 pa kayalidwe ndi kulunjika kwa zodinda, 3 pa utoto wa gulu ngati sukuyoyoka, ndi 3 pa kufotokoza. Pa kufotokozako mwana aime ndi pepala lake kwa mphindi imodzi, anene kumene módulo yake idachokera ndi chimene angasinthe atayambiranso. Mulole ayambe m'Chichewa, kenako atchule mawu a phunziroli m'Chipwitikizi, popeza mayeso adzabwera m'Chipwitikizi. Mwana amene sanabwere tsiku losema asataye malikisi onse. Mpatseni mbatatesi adinde nayo.

Mukatha kulemba malikisi, zidindo zitsukidwe, ziume, zilowe m'katoni imodzi pamodzi ndi zigubu za ufa wa dothi. Ufa wouma suonongeka ngakhale papite zaka, bola chivindikiro chitseke. Phala lotsala litayidwe tsiku lomwelo, chifukwa likagona m'kalasi limaitana mphemvu ndi makoswe, ndipo zikatha phalalo zimayamba kudya mapepala a ana.